Njanji Yadzuka, Nanga Masiteshoni a Kumudzi?



Ine ndimakhala ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, kufupi ndi mafakitale a ku Makata, ndipo ntchito yanga ndi yophunzitsa ana ku madrasa. Kumeneko tikakhala chete masana timamva hutala ya sitima ya pamtunda ikamatsika kuchokera ku Limbe. Tsiku lina hutalayo italira, kamnyamata kena ka zaka 9 kanakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Mwalimu, kodi sitima imeneyi imathera kuti?" Ndinangoyankha kuti imapita kutali, ndipo tinapitiriza phunziro. Koma madzulo ake funsolo linandisowetsa mtendere, pakuti ineyo ndi mwana wa m'mbali mwa njanji. Mayi anga kwawo ndi kufupi ndi Namanja m'boma la Machinga, ndipo ndili wamng'ono sitinkadziwa njira ina yopitira kwa agogo kupatula sitima. Nditakula ndinazolowera minibasi mpaka kuiwala njira ya ubwana wanga. Tsono ana atatsekera, ndinaganiza zokaona amalume kumudzi pa sitima, kuti ndikadzionere ndekha zimene tinkamva pa wayilesi zakuti njanji yakonzedwa.

Mmawa wa pa Limbe

Ndinafika pa siteshoni ya Limbe kunja kukungoyera kumene, koma ndinapeza anthu atadzaza kale. Ambiri anali amayi ochokera ku Bangwe, ena atasenza mabelo a kaunjika, ena makatoni a sopo, shuga ndi mchere, ena madengu opanda kanthu oti akadzazemo nsomba ndi mpunga pobwerera. Panalinso anyamata onyamula malata ndi zitseko zokamangira kumudzi. Katundu wotereyu wa minibasi akamuona amayamba wapukusa mutu, kenaka n'kutchula mtengo woposa wa munthu. N'chifukwa chake anthu ochepekedwa sanaitaye sitima ngakhale pa nthawi imene inkayenda ngati nkhono.

Tauni ya Limbe inakula chifukwa cha njanji. Likulu la njanji m'dziko muno lakhala lili pomwepa, pamodzi ndi malo okonzera mitu ya sitima ndi mabogi, ndipo ku Mpingwe kunamangidwa nyumba za ogwira ntchito ku njanji. Njanjiyi inafika mu Blantyre m'chaka cha 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Azungu amene anaimanga sankaganiza za ife okwera ayi, koma za katundu wa m'minda yawo monga fodya, thonje ndi tiyi, popeza madzi a mu Shire ankachepa ndipo sitima za pamadzi zinkalephera kukwera mtsinjewo. Njanji isanabwere katundu ameneyu ankayenda pamitu pa makolo athu, amene ankatchedwa amtengatenga. Wofuna kuona mutu wa sitima wa masiku amenewo, woyendera moto ndi nthunzi, apite ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri akauone uli panja.

Kuseri kwa mzinda

Woyenda pamsewu amaona nkhope ya Blantyre, koma woyenda pa sitima amaona kuseri kwake. Titanyamuka pa Limbe tinadutsa kumbuyo kwa mafakitale ndi nyumba zosungira katundu, phiri la Ndirande likuoneka kudzanja lamanja, mpaka tinaima pa siteshoni ya Blantyre pafupi ndi depoti ya mabasi ya Wenela. Kuchokera apo njanji imakhotera kumpoto, kudzera ku Chirimba, n'kusiya Machinjiri chakummawa.

Zimene ndinaona pawindo m'chigawo chimenechi zinandichititsa manyazi, chifukwa ena mwa ozichita ndi anansi anga. M'malo ena nyumba ndi mabafa zamangidwa pafupi kwambiri ndi njanji, mwakuti munthu atatulutsa mkono akhoza kukhudza udzu wa mpanda. Kwina ngalande zothamangitsa madzi a mvula zasanduka dzala lotayamo zinyalala. Kwina anthu alima chimanga mpaka pachiunda chimene pagona njanji. Ndinaonanso ana atatu akuthamanga pakati pa njanji kutsogolo kwa sitima, n'kudumphira kumbali hutala itawalirira kawiri, iwo akuseka. Anzathu a ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa, kumene njanji siidutsa, mwina zimenezi sazidziwa, koma ife a ku Ndirande ndi ku Chirimba timaziona tsiku ndi tsiku mpaka tinasiya kudabwa nazo.

Gogo wa nyundo

Pampando woyang'anana ndi wanga panakhala bambo wina wachikulire, wa chipewa choyera ndi ndevu zaimvi. Titapatsana salamu ndinamva kuti kwawo ndi cha ku Utale, ndipo anagwira ntchito yokonza njanji mpaka kupuma. Ntchito yawo inali yoyenda pansi m'mbali mwa njanji ndi nyundo ndi sipanala, kumenya zitsulo kuti amve ngati pali pomasuka.

Ataona kuti ndikuyang'anitsitsa ngalande zotsekeka zija anati, "Mwana wanga, njanji siifa tsiku limodzi. Imayamba kudwala pamene madzi asowa kolowera."

"Nanga miyala yathiridwa pansiyi ntchito yake n'chiyani, agogo?" ndinafunsa motero.

Anandifotokozera mofatsa. Zitsulo ziwiri zimene sitima imapondapo zimamangiriridwa pa mitanda, ndipo mitandayo imagona m'miyala yoswa. Miyalayo imagwira mitanda kuti isasunthe, imagawa kulemera kwa sitima kuti dothi lisatitimire, komanso imalola madzi kutsika msanga. Munthu akatapa miyala imeneyi kuti akathire maziko a nyumba yake, kapena akamasula mabawuti kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, njanji imayamba kugwedera, mpata wa pakati pa zitsulo umasintha, ndipo tsiku lina sitima imagwa. Mpata umenewu uyenera kukhala mamilimita 1,067 ponseponse, chimodzimodzi ndi njanji za ku Mozambique, Zambia ndi South Africa, n'chifukwa chake bogi yochokera ku Nacala imatha kufika ku Limbe popanda kutsitsa katundu pamalire.

Anandiuzanso chifukwa chake kuli masiteshoni ang'onoang'ono m'malo ooneka ngati tchire. Njanji yathu ndi ya njira imodzi, tsono sitima ziwiri zikamachokera mbali zosiyana, imodzi iyenera kupatukira pambali kuti inzake idutse. Malo opatukirawo ndiwo anasanduka masiteshoni, ndipo kale mitu ya nthunzi inkamweranso madzi m'malo ena otero. Pamene paima sitima pamabwera msika, pamene pali msika pamabwera mudzi.

Mawu awowo ndinawaona ndi maso titayamba kuima pa Lirangwe, Namatunu, Gwaza ndi Shire North. Sitima isanaime n'komwe, amayi ndi ana amakhala atandanda kale m'munsi mwa mawindo ndi malichero a nthochi, nzimbe, chinangwa chophika, mandasi ndi chimanga chootcha. Malonda a sabata yonse amachitika m'mphindi zochepa, ndalama ikutsika pawindo, chenje ikukwera pawindo. Midzi ina ya m'chigawo chimenechi ili kutali ndi msewu wa tala, ndipo tsiku la sitima ndilo tsiku la msika, la kupita kuchipatala ndi la kulandira alendo.

Mmene njanji inakulira ndi mmene inadwalira

Gogo uja atatsika pa Utale ndinatsala ndikusinkhasinkha mbiri ya njanjiyi. M'chaka cha 1935 kunachitika zinthu ziwiri zazikulu: mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi, wotalika makilomita oposa 3 ndi theka, unatsegulidwa, ndipo sitima zinayamba kuchoka ku doko la Beira mpaka ku Blantyre osaolotsa katundu pamadzi, komanso njanji inafika kunyanja, ku Chipoka ndi ku Salima, kudzera ku Balaka. M'chaka cha 1970 kunatsegulidwa nthambi yochoka pa Nkaya kupita ku Nayuchi, yotilumikiza ku doko la Nacala. Kenaka, ndi thandizo la dziko la Canada, njanji inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Kachigawo kotsala kokafika ku Chipata m'dziko la Zambia kanadzatsegulidwa mu 2010.

Matenda anayamba ndi nkhondo ya ku Mozambique. M'zaka za m'ma 1980 njira zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinatsekeka, mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa, ndipo katundu wa dziko lino anayamba kuyenda pa malole mtunda wautali, zimene zinakweza mitengo ya zinthu m'sitolo. Mtendere unabwera mu 1992, koma njanji inali itafooka kale. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola chiunda cha njanji ku Chiromo, ndipo Bangula ndi Nsanje anadulidwa. Mu 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Mu 2003 mlatho wa pa mtsinje wa Rivirivi m'boma la Balaka unaonongeka ndi madzi, ndipo njira ya kumpoto inatsekeka mpaka 2005. Mu 2015 madzi anasefukiranso kuchigwa cha Shire n'kudula njira ya ku Makhanga, kumene sitima ya anthu inkafika kuchokera ku Limbe. Mukaonetsetsa, kupatula nkhondo, mdani wamkulu wa njanji yathu wakhala madzi, monga ananenera gogo uja.

Pa mphambano ya Nkaya

Nkaya ndi pamene munthu amaona kusiyana kwa zakale ndi zatsopano. Apa pamafika njanji yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize m'chigawo cha Tete, imene inamangidwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil. Imalowa m'Malawi ku Chikwawa, n'kudzera ku Mwanza ndi Neno, mtunda wa makilomita pafupifupi 136 mpaka pa Nkaya. Kuchokera apo imatsata njira yakale ya ku Nayuchi, imene inaphwasulidwa n'kumangidwanso ndi zitsulo zolemera, mitanda ya simenti ndi miyala yatsopano. Njira yonse kuchoka ku Moatize kukafika ku doko la Nacala ndi makilomita 912, ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi gawo lake la njanjiyi kwa kampani ya Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India.

Tili pomwepo inadutsa sitima ya malasha. Ndinayamba kuwerenga mabogi, koma nditapyola 100 ndinasokonezeka. Pansi pankanjenjemera. Mayi wina amene anakhala pafupi nane, mwana ali kumsana, anayang'ana mpaka bogi yomaliza n'kunena kuti, "Achimwene, malashawa ali ndi mwayi, amayenda tsiku lililonse." Tonse tinaseka, koma mawuwo anali ndi fupa. Monga mmene njanji ya 1908 inamangidwira fodya ndi tiyi, iyi inamangidwira malasha. Sindikunena kuti n'kulakwa, pakuti palibe akanaika ndalama zambiri chotero chifukwa cha madengu athu a matemba, ndipo boma limapezapo misonkho. Koma walira mvula walira matope, ndipo amene walandira matope ayeneranso kulawa zokolola. Anthu a m'midzi imene sitima zazitalizi zimadutsa usana ndi usiku ayenera kuona phindu lake pakhomo pawo.

Usiku umenewo tinagona ku Balaka. Nditaswali pa mzikiti wa m'tauniyo ndinapeza malo ogona, pamene anzanga ambiri anayala zitenje pa siteshoni kulondera katundu wawo.

Kummawa, pakati pa nyanja ziwiri

Kutacha tinabwerera pa Nkaya n'kulunjika kummawa. Apa ndiye ndinavomereza kuti ntchito inagwiridwa. Ndili mwana, sitima m'chigawo chino inkagwedezeka ngati ngolo ya ng'ombe, ndipo mayi ankatigwira kuti tisagwe pampando. Ulendo uno tiyi amene ndinagula pa Liwonde sanatayike ngakhale dontho. Tinaoloka Shire, tinadutsa m'munsi mwa mapiri a Machinga, tinaima pa Lambulira, kenaka dziko linayamba kutambasuka kukhala dambo lalikulu la mpunga. Kumwera kuli nyanja ya Chilwa, kumpoto kuli ya Chiuta, ndipo n'chifukwa chake siteshoni ya tsidya lina la malire, moyang'anana ndi Nayuchi, Apwitikizi anaitcha Entre Lagos, kutanthauza pakati pa nyanja. Pamenepo ndi pamene ndinapeza yankho la kamnyamata kaja: sitima ya anthu imathera pa Nayuchi, koma njanji imapitirira ku Cuamba ndi ku Nampula mpaka kukafika kunyanja ya mchere.

Ine ndinatsika pa Namanja, pamene amalume anali akundidikira ndi njinga. Tikuyenda anandiuza kuti nthawi ya dzinja, misewu ya fumbi ikasanduka phala, ogula mpunga amene amafika ndi galimoto amakhala ochepa ndipo amatchula mtengo umene akufuna. Koma mlimi amene angathe kukweza matumba ake pa sitima n'kukagulitsa yekha ku Liwonde, ku Balaka kapena ku Limbe amabwera ndi ndalama yokwanira fizi ya mwana. "Mphwanga," anatero amalume, "ife sitipempha zambiri. Sitima izibwera kawirikawiri, tizidziwa tsiku ndi nthawi yake, ndipo podikirira pakhale denga, madzi ndi chimbudzi."

Nanga kunyanja?

Inu a m'mbali mwa nyanja nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Chipoka ndi malo amene njanji imakumana ndi nyanja ya Malawi. Sitima ya pamadzi ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswazidutswa pa njanji yomweyi kuchokera ku Beira mpaka ku Chipoka, n'kukalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Kwa zaka zambiri kampani ya njanji ndi imene inkayendetsanso sitima za panyanja, mwakuti katundu ankachoka mu bogi n'kulowa m'sitima ya pamadzi kupita ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Chilumba. Akuluakulu a ku Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka akukumbukira masiku amene ankakwera sitima ndi madengu a usipa wouma kupita nawo ku Limbe, koma ana ambiri a m'madera amenewa akula osaona sitima ya anthu ikuima pa siteshoni yawo.

Zizindikiro zabwino zilipo. Njira ya kumpoto, yochoka pa Nkaya kudzera ku Salima, inakonzedwa, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta a galimoto kuchokera ku Nacala inafika ku Lilongwe patapita zaka pafupifupi 20 zimenezi zisakuchitika. Kumwera, ntchito yomanganso makilomita 72 a pakati pa Marka ndi Bangula inayamba mu 2022, ndipo mu September 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Beira inafika pa Marka m'boma la Nsanje koyamba patapita zaka pafupifupi 40, n'kulandiridwa ndi Dr. Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo. Chigawo cha Limbe mpaka Sandama nachonso chinagwiridwa ntchito, ngakhale kuti namondwe wa Freddy wa mu March 2023, yemwe anatilanda abale ambiri ku Chilobwe ndi madera ena, anaononga kwambiri misewu, milatho ndi njanji za m'chigawo cha kumwera.

Zonsezi n'zoyamika. Mafuta, feteleza ndi tirigu zikamabwera pa njanji, misewu yathu imapuma ku malole olemera, ndipo mtengo wonyamulira umatsika. Koma njanji imakhala itatsegulidwadi kwa munthu wa kumudzi tsiku limene sitima yaima pa siteshoni yake, iye n'kukwera ndi thumba lake. Ikamangodutsa, kwa iye ndi phokoso chabe.

Mbali yawo ndi mbali yathu

Mutu umodzi susenza denga. Kwa boma ndi oyendetsa njanji, pempho ndi lomwe lija la amalume: pokonza zitsulo ndi milatho asaiwale masiteshoni ang'onoang'ono, ndipo mapangano onyamula katundu azikhala ndi gawo lomveka la sitima ya anthu. Mafumu, makhansala ndi aphungu a m'madera a njanji asatope kufunsa zimenezi pamisonkhano yawo.

Koma ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo iyi siifuna ndalama. Njanji ndi chuma cha tonse chimene tasungitsidwa, tsono wotapa miyala yake ndi womasula mabawuti ake sakubera kampani yokha, akuika pa ngozi mayi uja wa mwana kumsana. Wogula chitsulo chimene akudziwa kuti chachoka pa njanji ndi mnzake wa wakubayo. Tisatsire zinyalala m'ngalande, tisalime pachiunda, tisamange pamalo amene anasiyidwira njanji. Pamene msewu wadutsana ndi njanji, woyendetsa galimoto, njinga yamoto kapena ngolo aime, ayang'ane mbali zonse, amvetsere. Sitima yolemera siingakhote kuti ikupewe, ndipo ngakhale dalaivala atamanga mabuleki imayendabe mtunda wautali isanaime. Njanji yokonzedwa bwino sitima zake zimathamanga kuposa zimene tinazolowera, choncho makolo tiwauze ana athu mobwerezabwereza, pakuti tsoka silinunkha.

Titatsegulira madrasa ndinajambula njanji yonse pa bolodi, kuyambira ku Marka mpaka ku Mchinji, ndi kuyambira ku Nkaya mpaka ku Nayuchi, ndipo ndinamuitana kamnyamata kaja kuti aloze pamene pali Ndirande. Kenaka ndinafunsa kuti ndani mwa iwo amaoloka njanji pobwera. Manja 11 anakwera m'mwamba. Tinagwirizana kuti akuluakulu aziwagwira dzanja ang'onoang'ono poolokapo, ndipo palibe woyenda pakati pa zitsulo ngakhale kukhale zii. Nditamaliza, mwana uja anafunsanso kuti, "Mwalimu, nanga kwa agogo anga ku Chipoka sitima ya anthu idzafika liti?"

Ndinamuuza kuti tsikulo likadzakwana, insha Allah, tidzakwerera limodzi, ndipo iye ndi amene adzakhale pawindo.